Kufunsa maganizo a anthu pa ntchito za misewu ndi liwiro la galimoto ku Dwambazi

Kufunsa maganizo a anthu pa ntchito za misewu ndi ndondomeko yomwe boma, khonsolo kapena bungwe loyang'anira misewu limatsata pofuna kumva zomwe anthu okhala m'mbali mwa msewu akufuna, ntchito yomanga kapena kukonza msewuwo isanayambe. Pa misonkhano yotere pamakambidwa za komwe msewu udzadutse, chipukuta misozi cha nyumba ndi minda, ngalande za madzi, mahampu, malo owolokera anthu komanso liwiro lomwe galimoto ziyenera kuyendera. Ku Dwambazi, m'boma la Nkhotakota, nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri chifukwa misewu ya m'derali ili m'manja mwa eni ake awiri osiyana. Msewu waukulu wa M5 umayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, pomwe misewu yafumbi yolowa m'midzi ili pansi pa khonsolo ya Nkhotakota. Dandaulo lopita kwa mwini wolakwika, kapena lofika mapulani atatha kale, kawirikawiri silisintha kanthu.

Dera la Dwambazi ndi msewu wa M5

Dwambazi ili kumpoto kwenikweni kwa boma la Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Dzinali ndi la mtsinje wa Dwambazi, womwe ndi malire a boma la Nkhotakota ndi la Nkhata Bay, komanso malire a chigawo chapakati ndi chakumpoto cha m'mbali mwa nyanja. Anthu ambiri m'derali ndi asodzi ndi alimi a chinangwa ndi mpunga, ndipo amalankhula Chitonga ndi Chichewa. Pali malo ochitira malonda, masukulu ndi chipatala cha Dwambazi Rural Hospital. Kuchoka ku Dwambazi kukafika ku Nkhotakota boma, komwe kuli maofesi a khonsolo, ndi ulendo wa makilomita oposa 80. Malinga ndi kalembera wa 2018, boma lonse la Nkhotakota linali ndi anthu oposa 390,000.

Msewu wa M5, womwe ambiri amautchula kuti msewu wa kunyanja, umachokera ku Mzuzu ndi kudutsa ku Chintheche, Dwambazi, Dwangwa, Nkhotakota ndi Salima mpaka kukalumikizana ndi M1 pa Chingeni. Mu msewuwu mumayenda mabasi akuluakulu, maminibasi, malole a katundu, njinga zamoto ndi njinga zakapalasa za kabaza. Kummwera kwa Dwambazi kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga ya Illovo ku Dwangwa, komanso fakitale ya kampani ya EthCo, ndipo zonsezi zimakoka galimoto zolemera.

Nyanja ili kummawa kwa msewu, pomwe mapiri ndi minda yambiri zili kumadzulo. Choncho anthu ambiri amawoloka msewu tsiku ndi tsiku, ena popita kudoko kukagula nsomba, ena kumunda, kusukulu kapena kuchipatala. Kwa dalaivala wochokera ku Mzuzu kupita ku Salima, M5 ndi njira yoti adutse msanga. Kwa munthu wa ku Dwambazi, msewu womwewo ndi msika, pokwerera galimoto komanso njira ya ana a sukulu. Kusiyana kwa zofuna kumeneku ndi komwe kumachititsa kuti kufunsa anthu kukhale kofunika.

Eni ake a misewu

Misewu yovomerezeka ndi boma m'Malawi ndi yotalika makilomita 15,451 yonse pamodzi. Pa imeneyi, makilomita 3,357 ndi misewu ikuluikulu yodziwika ndi chilembo cha M, makilomita 3,125 ndi ya chilembo cha S, makilomita 4,121 ndi ya chilembo cha T, makilomita 3,500 ndi ya m'maboma ya chilembo cha D, ndipo makilomita 1,348 ndi ya m'matauni. Palinso misewu ina yambiri ya m'midzi yomwe siinapatsidwe nambala.

M'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mabungwe awiri m'malo mwa bungwe lakale la National Roads Authority. Loyamba ndi Roads Authority, lomwe limamanga ndi kukonza misewu ya M, S ndi T. Lachiwiri ndi Roads Fund Administration, lomwe limasunga ndalama zokonzera misewu. Ndalamazi zimachokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto komanso, kuyambira mu 2021, ku zipata zolipiritsa monga cha pa Chingeni ndi cha pa Kalinyeke chomwe chinatsegulidwa chaka chotsatira. Misewu ya m'maboma ndi ya m'midzi ili m'manja mwa makhonsolo, motsatira lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya chaka chomwecho.

Nkhani za liwiro zili pansi pa lamulo la Road Traffic Act la 1997. Nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services imayang'anira ziphaso za madalaivala, thanzi la galimoto ndi maphunziro a chitetezo cha pamsewu, pomwe apolisi apamsewu ndi omwe amagwira ophwanya malamulo. Izi zikutanthauza kuti khonsolo ya Nkhotakota ikhoza kulamula kuti pamsewu wafumbi wopita kumudzi paikidwe kalavati, koma siingamange hampu pa M5 popanda chilolezo cha Roads Authority. Udindo wa khonsolo pa M5 ndi wonyamula pempho la anthu ndi kulifikitsa kwa eni msewu.

Momwe mawu a anthu amafikira ku khonsolo

Ndondomeko ya mphamvu ku anthu inakhazikitsa makomiti omwe pempho limadutsamo. Poyambira ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, yodziwika ndi dzina loti VDC, yomwe imakhala pa dera la gulupu mmodzi. Komitiyi imaitanitsa anthu kuti atchule mavuto awo ndi kuwaika mu ndondomeko, kuyambira lalikulu, ndipo zomwe agwirizana zimalembedwa mu pulani ya mudzi. Pamwamba pake pali komiti ya ADC, yomwe imakhala pa dera la mfumu yaikulu. ADC imasonkhanitsa mapulani a ma VDC onse ndi kusankha ntchito zoyenera kutsogola. Alangizi a boma a m'deralo, monga a zaulimi, azaumoyo ndi a zamaphunziro, ali ndi komiti yawo ya AEC yomwe imalangiza ADC pa za ukadaulo.

Kuchoka ku ADC, pempho limapita ku khonsolo. Kumeneko kuli komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe, ya DEC, yomwe wapampando wake ndi bwanamkubwa. Nkhani za misewu zimaunikidwa ndi mkulu woyang'anira zomangamanga pa khonsolo pamodzi ndi komiti ya makhansala yoona za zomangamanga, kenako zimakavomerezedwa pa msonkhano wa khonsolo yonse. Mafumu akuluakulu amakhala nawo pa msonkhanowu koma saponya voti. Lamulo limati misonkhano ya khonsolo ikhale yotseguka kwa anthu ndi atolankhani. Ntchito yomwe yavomerezedwa imalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse, ndipo ikhoza kulipiridwa ndi thumba la DDF, la CDF kapena ndalama za mabungwe othandiza.

Njira imeneyi siinayende bwino nthawi zonse. Makhansala oyamba mu ulamuliro wa zipani zambiri anasankhidwa mu 2000, ndipo nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala, mpaka chisankho cha patatu cha mu Meyi 2014. Pa nthawi yonseyo anthu analibe munthu wosankhidwa wa m'wodi yawo woti awalankhulire ku khonsolo.

Kufunsa anthu pa ntchito zikuluzikulu

Ntchito yomanganso msewu waukulu ngati M5 imatsata njira ina. Lamulo la zachilengedwe la Environment Management Act la 2017, lomwe linalowa m'malo mwa la 1996, limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa momwe zidzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu. Lipoti la kauniuniyu limaperekedwa ku bungwe la Malawi Environment Protection Authority, ndipo kumva maganizo a anthu okhudzidwa ndi gawo limodzi la kauniuniyo. Akatswiri olembedwa ntchito amayamba ndi kufotokozera khonsolo, kenako amachititsa misonkhano ndi mafumu, ma ADC, ma VDC, amalonda ndi anthu wamba.

Mabanki omwe amapereka ndalama za misewu alinso ndi malamulo awo. African Development Bank, yomwe inapereka ndalama zomangiranso chigawo cha M5 cha pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay, imafuna kuti pakhale pulani yolembedwa ya momwe anthu osamutsidwa adzalipiridwire, komanso makomiti olandira madandaulo pa nthawi yonse ya ntchito. World Bank nayo imafuna zomwezo. M'zaka zaposachedwa boma lakhala likumanganso M5 chigawo ndi chigawo, kuphatikizapo cha pakati pa Kaphatenga ku Salima ndi Benga ku Nkhotakota.

Nkhani yomwe imatenga nthawi yaitali pa misonkhanoyi ndi ya chipukuta misozi. Lamulo la misewu limasunga malo okwana mamita 60 m'lifupi pa msewu uliwonse wa chilembo cha M, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. M'malo ambiri ochitira malonda, magolosale, mabenchi a nsomba ndi mitengo ya mango zili mkati mwa malire amenewa. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amati boma likhoza kutenga katundu wa munthu pokhapokha ngati ndi pa ntchito yothandiza anthu onse, mwiniwake wadziwitsidwa mokwanira ndipo walipiridwa moyenera, komanso ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti. Chifukwa ndalama zimakhudza banja lililonse mwachindunji, nkhani ya mahampu ndi malo owolokera imatha kutsalira kumapeto kwa msonkhano kapena kuiwalika kumene. Komatu chipukuta misozi chimalipidwa kamodzi, pomwe mamangidwe a msewu amakhala ndi anthu kwa zaka makumi angapo.

Chifukwa chake liwiro ndi nkhani yaikulu

Msewu ukakhala ndi maenje, galimoto zimayenda pang'onopang'ono mosafuna. Ukamangidwanso ndi kukuzidwa, liwiro limakwera, ndipo ngati sipanaikidwe zochepetsera liwiro m'malo odzaza anthu, ngozi zoopsa zikhoza kuchuluka pa msewu watsopano kuposa pa wakale.

Masamu ake ndi osavuta. Galimoto yothamanga makilomita 30 pa ola imayenda mamita pafupifupi 8 pa sekondi imodzi. Ya makilomita 50 pa ola imayenda mamita 14, ndipo ya makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22. Dalaivala akaona mwana akulowa mu msewu, pamatha sekondi imodzi kapena kuposa asanaponde buleki, ndipo nthawi yonseyi galimoto imakhala ikupitabe. Akaponda buleki, mtunda woimira umakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo: liwiro likawirikiza kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Pa phula louma, galimoto yaing'ono ya mabuleki abwino imafuna mamita pafupifupi 13 kuti iime ikamayenda makilomita 30 pa ola, mamita pafupifupi 28 pa makilomita 50, ndi mamita oposa 55 pa makilomita 80. Lole yodzaza katundu, kapena msewu wonyowa ndi mvula, zimafuna mtunda wotalikirapo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Bungweli limatinso mpata woti munthu woyenda pansi afe akagundidwa ndi galimoto umakwera kanayi ndi theka liwiro likachoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola. Mu lipoti la 2018, WHO inayerekeza kuti ku Malawi anthu 31 mwa anthu 100,000 alionse amafa pamsewu pa chaka, chimodzi mwa ziwerengero zokwera kwambiri pa dziko lonse. Mu Febuluwale 2020, nduna za mayiko osiyanasiyana zitakumana ku Stockholm zinagwirizana zolimbikitsa liwiro losaposa makilomita 30 pa ola m'malo momwe anthu oyenda pansi ndi galimoto zimasakanikirana pafupipafupi. Bungwe la United Nations linaika cholinga chochepetsa ndi theka imfa za pamsewu pakati pa 2021 ndi 2030.

Njira zochepetsera liwiro

Njira yosavuta kwambiri ndi chikwangwani. M'malo ambiri ochitira malonda m'misewu ikuluikulu ya m'Malawi zikwangwani zimasonyeza makilomita 50 pa ola. Vuto la chikwangwani ndi loti chimadalira kumvera kwa dalaivala ndi kupezeka kwa apolisi okhala ndi makina oyezera liwiro. Zikwangwani zachitsulo zimabedwanso kapena kugwa, ndipo pamatenga nthawi kuti zibwezeretsedwe.

Hampu imagwira ntchito usana ndi usiku, apolisi alipo kapena palibe. Hampu yomangidwa bwino imakhala yosaposa masentimita 10 m'mwamba ndi mamita atatu kapena anayi m'litali, imapentedwa mizere yoonekera patali ndipo imakhala ndi chikwangwani chochenjeza patsogolo pake. Timahampu ting'onoting'ono totsatizana, tomwe timagwedeza galimoto ndi kuchita phokoso, timaikidwa polowera malo ochitira malonda kuti dalaivala adziwe kuti wafika pa anthu. Palinso malo owolokera okwezedwa, omwe ndi hampu yotambalala yokhala ndi mizere yoyera pamwamba, komanso tinjira ta oyenda pansi ndi apanjinga m'mbali mwa phula, malo oimikapo mabasi kunja kwa msewu, ndi magetsi ounikira usiku.

Maganizo omanga msewu mokakamiza galimoto kuyenda pang'ono anayambira ku Ulaya, makamaka mu mzinda wa Delft ku Netherlands kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mu Africa muno, bungwe la Amend linaika mahampu, tinjira ta oyenda pansi ndi malo owolokera pafupi ndi masukulu a ku Dar es Salaam ku Tanzania, ndipo kafukufuku anapeza kuti kuvulala kwa ana pamsewu kunatsika ndi 26 pa 100 alionse.

Njirazi zili ndi zovuta zake, ndipo ndi chifukwa chake pamafunika kukambirana. Mahampu amachedwetsa ambulansi, chomwe ndi chinthu chachikulu ku dera ngati Dwambazi komwe wodwala wotumizidwa ku chipatala chachikulu amayenda mtunda wautali. Malole akamaponda buleki ndi kunyamukanso amachita phokoso ndipo phula limakumbika msanga pafupi ndi hampu. Hampu yofufutika penti imasanduka msampha kwa a njinga zamoto usiku. Amalonda ena amafuna hampu pafupi ndi mabenchi awo chifukwa galimoto zikachepetsa liwiro malonda amayenda, ngakhale kuti pomwe ana amawolokera ndi pena. M'madera ena a dziko lino, anthu okwiya ndi ngozi akhala akutseka msewu kapena kuunjika dothi ndi miyala kuti apange hampu yawoyawo. Kuchita zimenezi ndi kuphwanya lamulo, ndipo hampu yotere, popeza ilibe chizindikiro, imatha kuchititsa ngozi ina.

Zomwe anthu amadziwa kuposa mainjiniya

Mainjiniya amayeza msewu kwa masiku owerengeka, nthawi zambiri m'chilimwe. Anthu a m'deralo amadziwa pomwe ana a sukulu amawolokera, tsiku ndi nthawi yomwe msika umadzaza, njira yomwe ng'ombe zimadutsa popita kukamwa madzi, komanso pomwe madzi amasefukira m'dzinja. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri m'mbali mwa nyanja, momwe mitsinje yochokera kumapiri imadutsa pansi pa M5. Kumapeto kwa Febuluwale 2024, mvula yamphamvu inachititsa kuti mtsinje wa Dwangwa usefukire. Anthu masauzande ambiri anasowa pokhala ndipo M5 inaduka, zomwe zinasokoneza maulendo a pakati pa Nkhotakota ndi madera a kumpoto kwake monga Dwambazi. Kukula kwa kalavati ndi komwe ngalande ikathire madzi ndi nkhani zomwe mwini munda wa m'munsi mwa msewu ali ndi chonena.

Zomwe zimafooketsa ndondomekoyi

Pali zinthu zingapo zomwe zimachititsa kuti msonkhano uchitike koma mawu a anthu asamveke. Choyamba ndi nthawi: msonkhano wochitika mapulani atajambulidwa kale ndipo kontirakitala atasaina umakhala wongodziwitsa, chifukwa chilichonse chowonjezera chimafuna ndalama zomwe sizinali mu mgwirizano. Chachiwiri ndi chilankhulo. Malipoti a kauniuni amalembedwa m'Chingerezi ndipo amakhala ndi masamba mazanamazana, pomwe anthu ambiri ku Dwambazi amamasuka m'Chitonga kapena m'Chichewa. Chachitatu ndi oitanidwa. Pa msonkhano wa pabwalo la mfumu, omwe amalankhula kwambiri ndi abambo akuluakulu, pomwe amayi, ana a sukulu, anthu olumala ndi anyamata a kabaza, omwe amayenda m'mbali mwa msewu tsiku lonse, amangomvetsera. Asodzi omwe agona pa nyanja usiku samapezekanso pa msonkhano wa mmawa. Chachinayi ndi mtunda: kupita ku Nkhotakota boma kukatsatira pempho kumafuna ndalama ya thiransipoti ndi tsiku lathunthu.

Njira zina zothetsera mavutowa ndi kuchititsa misonkhano ya amayi ndi ya achinyamata paokha, kuyenda ndi mainjiniya m'mbali mwa msewu kuti anthu aloze malo enieni, komanso kulemba zomwe zagwirizanidwa ndi kusiya kope kwa VDC ndi ADC. Pempho lolembedwa, lotchula malo enieni ndi chifukwa chake, losainidwa ndi komiti ndi kudindidwa ndi mfumu, limatsatika mosavuta kuposa dandaulo la pakamwa. Kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa mkulu wa chipatala, pamodzi ndi chiwerengero cha ngozi chomwe apolisi amasunga, zimalimbitsa pempholo.

Lamulo la Access to Information Act, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limapatsa nzika iliyonse ufulu wopempha zikalata ku mabungwe a boma, kuphatikizapo makhonsolo ndi Roads Authority. Kudzera mu lamuloli, komiti ya m'mudzi ikhoza kupempha kuona zojambula za msewu ndi kudziwa ngati malo owolokera omwe anthu anapempha analowamo, ntchito yothira phula isanafike pa dera lawo.